KUYENDA PANSI M'LIKULU LAKALE: KWA MPONDA NDI MANGOCHI

 Nkhani yathu ya lero ndi ya ulendo. Sitikunena za ulendo wa anthu achuma amene amanyamulidwa pa galimoto kuchoka ku hotela ina kupita ku inzake ayi. Tikunena za ulendo umene mphunzitsi ali pa tchuthi, mlimi atagulitsa mbewu zake, kapena wachinyamata amene wangomaliza mayeso angathe kuyenda yekha, ndi mapazi ake, ali ndi kandalama kochepa m'thumba.

Tikamva mawu akuti likulu, ambiri timaganiza za Lilongwe, kumene Boma linasamukira m'chaka cha 1975. Achikulire amakumbukira Zomba. Koma Zomba isanamangidwe, dziko lino linali kale ndi malikulu ake. Kalonga anali ndi lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Jumbe anali ndi lake ku Nkhotakota. Ndipo kumwera kwa nyanja, pamene mtsinje wa Shire umayambira, panali mzinda wa Mponda, mfumu ya Ayao imene inkalamulira dera lalikulu, kulandira amalonda a kutali, ndi kupereka kapena kukana chilolezo kwa mlendo aliyense wofuna kudutsa. Pambuyo pake Angerezi anamanga linga lawo moyang'anizana ndi mzindawo, ndipo lingalo ndi limene linabala tauni ya Fort Johnston, imene lero timaitcha Mangochi.

Anthu ambirimbiri amadutsa pa Mangochi popita kukasangalala ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Basi ikaima amagula nsomba kapena chakumwa, napitirira. Sadziwa kuti adutsa pamalo pamene mbiri ya dziko lino inakhotera. Chomvetsa chisoni nchakuti nyumba zakale sizidikira munthu: zina zimagwa zokha, zina zimagwetsedwa kuti pamangidwe zatsopano, ndipo akuluakulu amene anamva nkhani pakamwa pa agogo awo akutha mmodzimmodzi. Tsono tiyeni tione m'mene munthu angayendere malo amenewa ndi kumvetsa zimene akuona.

KUFIKA NDI KUKONZEKA

Wochokera ku Blantyre kapena ku Zomba amadzera pa Liwonde. Kuchoka pamenepo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 75, kudutsa pa Ulongwe ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Wochokera ku Lilongwe angathe kutsikira ku Golomoti kapena kudzera ku Salima, kenaka nkutsata mseu wa kunyanja kulowera kumwera. Mabasi ndi maminibasi amayenda njira zonsezi, ndipo mukafika m'tauni mupeza akabaza okonzeka kukufikitsani kulikonse.

Mangochi ndi malo otentha. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, kotero kuti kuyenda pansi masana kumakhala chilango. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mvula yatha ndipo kukuomba kamphepo ka mwera. Tengani chipewa, madzi akumwa, nsapato zimene mapazi anu anazizolowera, kabuku ndi cholembera. Pogona funsani ngati m'chipinda muli neti, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa Shire suchita ulesi. Ndi bwino kufika madzulo, kugona, ndi kuyamba ulendo m'mamawa dzuwa lisanakwere.

YAMBANI PA MLATHO

Musanapite kwina kulikonse, kaimeni pakati pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unatsegulidwa mu 2002 ndi thandizo la dziko la Japan. Pamenepo ndi pamene mungamvetse chifukwa chake mzinda unabadwira pano osati kwina.

Madzi amene akudutsa pansi panu akuchokera kumpoto, m'nyanja ya Malawi. Nyanja yonseyo, kutalika kwake konse, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndipo khomo lake ndi Shire. Kuchoka m'nyanja yaikulu mtsinjewu umayenda makilomita pafupifupi 20 basi nkulowa m'nyanja ya Malombe kumwera. Choncho dera limene mwaimali ndi kamtunda kopanikizika pakati pa nyanja ziwiri. Kum'mawa mukuona mapiri a Mangochi ndi mseu wokwera ku Namwera ndi ku Chiponde, kumalire ndi Mozambique. Kumadzulo kuli chigwa cha milambe ndi migwalangwa.

Tsopano ganizani za wamalonda wa zaka za m'ma 1800 amene wagula minyanga ya njovu kumadzulo, ku Kasungu kapena kuchigwa cha Luangwa, ndipo akufuna kukafika ku nyanja yamchere, ku Kilwa kapena ku Quelimane. Nyanja yamutchinga. Ali ndi njira ziwiri: kuoloka pa chombo monga ankachitira ku Nkhotakota, kapena kuzungulira kumwera ndi kudzaoloka Shire pamalo ano. Mwini doko la pano ndiye anali mwini njira. Ankalandira msonkho wa pooloka, ankagulitsa chakudya kwa apaulendo, ndipo nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkayamba kufika m'manja mwake zisanafike kwa wina aliyense. Sitima za Azungu zitayamba kukwera Shire, nazonso sizikanalowa m'nyanja popanda kudutsa pamaso pake. Mphamvu za Mponda zinachokera pamenepa, ndipo Angerezi anafuna malo ano pa chifukwa chomwecho.

KWA MPONDA

Kuchoka pa mlatho, kwerani kabaza kulowera kumpoto, njira ya ku Monkey Bay, mpaka ku Mpondasi. Dzinali linachokera m'kanenedwe ka Angerezi, amene potchula mudzi wa Mponda ankaonjezera chilembo kumapeto. Si kutali: ndi makilomita ochepa, ndipo pobwerera mungathe kuyenda pansi.

Tikuchenjezeni msanga kuti simukapeza makoma a miyala kapena nyumba yachifumu yosanja. Mzinda wa Mponda unamangidwa ndi mitengo, dothi ndi udzu, zinthu zimene chiswe, moto ndi mvula zimabweza kunthaka. Munthu wothamanga anganene kuti palibe choona. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Likulu lotere limawerengedwa m'njira ina.

Yang'anani mitengo. Mango ndi ngole si mitengo ya makolo athu akalekale. Zinafika ndi apaulendo ochokera kugombe la nyanja yamchere, ndipo mitengo ya mango ikuluikulu nthawi zambiri imasonyeza pamene panali mudzi wakale kapena njira ya amalonda. Yang'anani kamangidwe ka nyumba za ngodya zinayi zokhala ndi khonde, zimene mafumu a Chiyao anatengera kwa Aswahili pamene midzi yambiri inali ya nyumba zozungulira. Mverani kuitana kwa ku mzikiti, onani amuna ovala mikanjo ndi mizuli, lawani mpunga. Zonsezi ndi mapazi a njira imene inkalumikiza mudzi uno ndi Kilwa ndi Zanzibar.

Mbiri yolembedwa imatithandiza kudziwa nthawi. Pamene David Livingstone anafika koyamba pa nyanja mu Sepitembala 1859, dera lino linali m'manja mwa Anyanja. Atabweranso mu Sepitembala 1866, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri, anapeza mudzi waukulu wa Mponda, wa minda ndi ng'ombe, amalonda a akapolo akulowa ndi kutuluka. Ayao anali atasamuka kwawo, kum'mawa kwa nyanja m'dziko limene lero ndi Mozambique, pothawa nkhondo ndi njala, ndipo popeza anali odziwa malonda a kutali ndiponso anali ndi mfuti, sanachedwe kukhala olamulira. Pa ulendo umenewu mnyamata wina wa Livingstone, dzina lake Wikatani, amene anaomboledwa mu ukapolo mu 1861, anatsalira kwa Mponda ponena kuti wapeza abale ake.

M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young ndipo pakati pawo pali Dr Robert Laws, anakwera Shire ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Asanalowe m'nyanja anaima kwa Mponda kupempha malo, chifukwa Cape Maclear inali pansi pa ulamuliro wake. Mfumu itavomera, Ilala inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala, ndipo ndiyo inali sitima yoyamba ya injini kuyandama pa nyanja yathu. Tikamakamba za Livingstonia, tizikumbukira kuti chilolezo chake choyamba chinaperekedwa pa bwalo la mfumu ya Chiyao.

Mponda woyamba atamwalira pakati pa zaka za m'ma 1880, panabuka kulimbirana ufumu, ndipo Mponda wachiwiri analowa m'nthawi yovuta. Apwitikizi ndi Angerezi onse ankafuna dziko lino, ndipo onse ankamunyengerera. M'masiku amenewa, mu Disembala 1889, ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda mothandizidwa ndi Apwitikizi. Anatsegula kasukulu ndi kupereka mankhwala, koma matenda, nkhondo ndi kukangana kwa maiko a ku Ulaya zinawalepheretsa, ndipo mu Juni 1891 anachoka kupita kwa Amambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Imeneyi inali mishoni yoyamba ya Akatolika m'dziko muno m'nthawi ya makono. Patapita zaka zochepa a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, anakhazikika pa Mpondasi. Sitima yawo yotchuka ya Chauncy Maples, imene inapangidwa ku Glasgow nkubwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa pamalo ano ndi kulowa m'madzi mu 1901. Inatchedwa dzina la bishopu wawo amene anamira m'nyanja mu 1895.

Pali chinthu chimodzi chimene woyenda sayenera kuchilambalala. Chuma cha mzinda uno sichinali minyanga yokha, chinalinso anthu. Amuna, amayi ndi ana ogwidwa m'midzi ya kumadzulo ndi kumwera ankaoloka Shire pano ali m'magoli, ndipo ambiri sanafike nkomwe kunyanja yamchere. Mukaima m'mbali mwa mtsinje, khalani kaye chete pokumbukira anthu amenewo. Komanso dziwani kuti malonda oipawa sanali a mtundu umodzi: ogwira, ogulitsa ndi ogula anali a mitundu yambiri, akuda ndi oyera, apafupi ndi akutali. Lero zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa zinakwatirana, zimalima dimba limodzi, zimaikana maliro. Mlendo wabwera kudzaphunzira, osati kudzaloza chala.

MALIKULU AWIRI KUYANG'ANIZANA

Muli pa Mpondasi pomwepo, ponyani maso kutsidya la kum'mawa. Dziko lino litalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain mu Meyi 1891, Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anafika kuno ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India, otsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Mu Okutobala chaka chomwecho anamanga linga kutsidyako, moyang'anizana ndi mzinda wa Mponda, ndipo anauombera ndi mizinga mpaka mfumu inagonja. Lingalo analitcha Fort Johnston.

Nkhondo sinathere pamenepo. Maguire anaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira, kugombe la kum'mawa. Mu Febuluwale 1892 mfumu Jalasi, amene Azungu ankamulemba kuti Zarafi, anagonjetsa asilikali a Boma m'mapiri a Mangochi nawalanda mzinga. Panatenga mpaka 1895 kuti linga la Jalasi ligwe, ndipo pamalo pake Angerezi anamangapo Fort Mangochi, imene mabwinja ake ali m'mapiri momwemo, cha ku njira ya ku Namwera.

Kodi tinene kuti nkhondo zimenezi zinali zabwino kapena zoipa? Yankho lake si la mawu amodzi. Zinathetsa malonda a akapolo, ndipo palibe munthu wanzeru angalire malonda amenewo. Koma mizinga yomweyo inachotsanso mphamvu m'manja mwa eni dziko, ndipo pambuyo pake panabwera msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa alendo umene unatha mu 1964. Woyenda wanzeru amanyamula zonse ziwiri m'mutu mwake.

Malo a linga loyamba anali otsika ndi a matenda. Choncho mu 1897 Boma linasamutsira Fort Johnston kutsidya lino la kumadzulo, kumunsi pang'ono kwa mzinda wa Mponda. Kumeneko ndi kumene tikubwerera tsopano, pansi, potsata njira yolowera kumwera.

MISEU YA FORT JOHNSTON

Mukamalowa m'chigawo chakale cha tauni, kufupi ndi mtsinje, muona kusiyana. Njira za m'mudzi zimakhotakhota potsata mabanja ndi mitengo. Miseu ya kuno ndi yotakata ndi yoongoka, chifukwa inayamba kujambulidwa pa pepala isanalambulidwe. Nyumba yakale muizindikira ndi izi: makoma ochindikala a njerwa zootcha, maziko okwera, denga lalitali la malata, ndi khonde lalikulu. Omanga ake analibe magetsi oziziritsira nyumba, choncho ankadalira mthunzi ndi mphepo. Onaninso m'mene tauni inagawidwira. Monga m'matauni ena a nthawi ya atsamunda, maofesi ndi nyumba za Azungu zinali pamalo abwino, masitolo a Amwenye anali ndi mbali yawo, ndipo anthu akuda, amene anaumba njerwa zonsezo, ankakhala kumphepete. Palibe chikwangwani chimene chimanena zimenezi, koma mapazi anu adzakuuzani.

Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yomangidwa ndi njerwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901. Ambiri amaijambula napitirira. Inu yandikirani, chifukwa pamalo amenewa pali zinthu zina ziwiri zofunika.

Choyamba ndi mzinga wochokera m'sitima ya nkhondo yotchedwa Guendolen, imene inalumikizidwa kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndipo inali yaikulu koposa zonse pa nyanja m'masiku ake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, Captain Rhoades analamulidwa kukaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda, ikukonzedwa, pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo anaiombera. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo, amene anali bwenzi la Rhoades, anali asanamve nkomwe kuti kwayamba nkhondo. Nkhani imeneyi imatchulidwa kawirikawiri ngati kupambana koyamba kwa Angerezi pa madzi m'nkhondo imeneyo, ndipo inawapatsa ulamuliro wa nyanja yonse.

Chachiwiri ndi chikumbutso cha sitima ya Vipya. Pa 30 Julaye 1946 sitimayi, ili yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi Chitimba, kumpoto, ndipo anthu 145 anamira. Palibe ngozi ina ya sitima imene inapha anthu ochuluka chotere pa nyanja yathu. Omvera a ku Karonga, Rumphi ndi Nkhata Bay, mwina m'mabanja mwanu muli dzina limene linatsalira m'madzi tsiku limenelo. Chikumbutso chake chili kuno kumwera.

Kuchoka pa nsanja, funsani njira ya ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene inatsegulidwa mu 1971 m'nyumba imene kale inali Gymkhana Club, malo ochezera Azungu. Kungolowa m'nyumbamo ndi phunziro pakokha, poganizira kuti agogo athu ankalowamo ngati antchito basi. M'katimo muphunzira za sitima zakale, za usodzi, ndi za moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja. Funsiranitu nthawi yotsegulira ndi mtengo wolowera.

Pitaninso ku manda akale a m'tauni, kumene kuli mitumbira ya asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918. M'zaka zimenezo Fort Johnston linali doko lalikulu lotumizira asilikali ndi katundu kumpoto. Werengani maina ndi zaka pa miyala. Kenaka kumbukirani amtengatenga, amuna zikwi zambirimbiri a dziko lino amene anasenza katundu wa nkhondoyo pamutu, ambiri mokakamizidwa. Ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda, ndipo alibe mwala wolembedwa dzina.

Miseu yomweyi inaonanso ndale za masiku a ufulu. Henry Masauko Chipembere, wa ku Malindi kutsidya kwa mtsinje, anagwirapo ntchito ya Boma kuno asanasankhidwe kupita ku nyumba ya malamulo mu 1956. Nduna zitasemphana maganizo ndi Dr Banda mu 1964, iye anabwerera kwawo kuno, ndipo usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 gulu lake linalanda boma la Fort Johnston nkuyamba ulendo wa ku Zomba. Linakakanika pa Liwonde, pamene panalibe mlatho masiku amenewo, chifukwa pantoni yoolotsa anthu inali kutsidya lina. Shire yemweyo amene anakweza Mponda ndi amene anatsekereza Chipembere. Iye anamwalira ali ku America mu 1975, ndipo kwa zaka zambiri anthu a boma lino anavutika chifukwa chokayikiridwa.

Malizani ndi mzikiti waukulu, tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha St Augustine, chimene ndi likulu la dayosizi imene inakhazikitsidwa mu 1973, ndiponso msika. Pa msika mupeza usipa, utaka, kambuzi wa ku Malombe, ndi chambo ngati mwachita mwayi, pakuti chambo chinachepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Khalani pansi, idyani nsima, mumvetsere Chiyao ndi Chinyanja zikusinthana pakamwa pa munthu mmodzi.

CHIFUKWA CHAKE TAUNI INAGONA

Mwina mufunsa kuti: ngati malo ano anali ofunika chotere, bwanji sanakule ngati Blantyre? Yankho lili m'madzi ndi m'njanji. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri. Mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa Shire, ndipo cha m'ma 1915 mtsinje unali utasiya kuyenda bwino, kotero kuti sitima zimene zinkachokera ku Matope sizikanathanso kufika. Madzi anabwerera m'ma 1930, koma mu 1935 njanji inali itafika ku Chipoka ndi ku Salima. Katundu wa kumpoto anayamba kukwezedwa kumeneko, ndipo ntchito za sitima zinakhazikika ku Monkey Bay, kumene Ilala yachiwiri inalowa m'madzi mu 1951. Khomo la nyanja linasamuka, Fort Johnston natsala boma wamba.

Kugona kumeneku kunali ndi ubwino wake kwa ife oyenda lero, pakuti tauni imene sikukula msanga sigwetsanso msanga nyumba zake. Koma masiku ano Mangochi yadzuka. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira 50,000 m'tauni yokhayi, ndipo malo akufunidwa ndi ambiri. Ndi chifukwa chake tikuti ulendowu usachedwe.

Dziko litalandira ufulu, dzina la Fort Johnston linachotsedwa, ndipo tauni inatenga dzina la mapiri a Mangochi, kumene Jalasi anakanira Angerezi. Koma ufumu wa Mponda sunathe ayi. Ulipo mpaka lero, ndipo dera lozungulira tauni ndi la Mfumu Yaikulu Mponda.

ULEMU WA MLENDO

Woyenda yekha alibe womulankhulira, choncho khalidwe lake ndilo chiphaso chake. Mukafika m'mudzi, yambani mwaonekera kwa a mfumu kapena nduna zawo, munene dzina lanu, kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Musalowe kumanda kapena kujambula munthu, mzikiti ndi tchalitchi musanapemphe. Valani modzilemekeza. Lachisanu masana Asilamu amakhala ku mapemphero, ndipo m'mwezi wa Ramadhani si ulemu kudyera pamaso pa anthu amene akusala. Phunzirani mawu pang'ono a Chiyao: m'mawa nenani kuti "Ajimwiche uli?", pothokoza nenani kuti "Sikomo", ndipo potchula munthu yambani ndi "Che". Mawu ochepa otere amatsegula makomo ambiri.

Safunsa anadya phula. Funsani achikulire, asodzi, a shehe, abusa ndi aphunzitsi opuma. Mukamva nkhani ziwiri zosiyana, musatsutse. Lembani zonse ziwiri, ndi dzina la malo ndi tsiku. Musatole kanthu kalikonse pa mabwinja, kaya ndi njerwa, mkanda kapena phale, chifukwa malamulo a dziko amateteza zinthu zakale, ndipo chimene mwatenga inu mwalanda onse obwera pambuyo panu. Ndipo kutenthe bwanji, musasambe mu Shire: muli ng'ona ndi mvuu, ndiponso m'madzi odekha a m'bango mumakhala likodzo.

Pomaliza, omvera, si nonse amene mungathe kufika ku Mangochi chaka chino. Koma palibe boma m'Malawi muno lopanda malo ake akale. A ku Nkhotakota muli ndi mzinda wa Jumbe, a ku Karonga muli ndi malo a Mlozi, a ku Chiradzulu muli ndi Mbombwe wa John Chilembwe, a ku Nsanje muli ndi Khulubvi, a ku Zomba muli ndi likulu lathunthu. Sankhani tsiku limodzi, mutenge mwana kapena mdzukulu, muyende naye pansi, mufunse, mulembe. Ndipo mukadzakwera basi ya kunyanja, ikadzaima pa Mangochi, tsikani, mugone usiku umodzi, m'mawa mukaime pa mlatho.